Kukonzekera chisankho m'Chigwa cha Shire: yambirani kumene msewu wathera

Wovota akafika m'mawa n'kupeza tebulo layalidwa, kaundula ali wotsegula, mabokosi atatu ali poyera, saganiza za njira imene zinthuzo zadzera. Kuganiza zimenezo ndi ntchito ya ena. Ine ndagwirapo ntchito ya chisankho kuno kuchigwa kangapo, poyamba ngati kalaliki, kenako ngati woyang'anira malo oponyera voti. Ndikulembera aphunzitsi anzanga amene adzaitanidwe ku ntchitoyi, antchito a ku khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje, mamonita a zipani, ndi inu mafumu athu amene mumafunsidwa njira alendo akasochera. Ndifotokoza mmene bungwe loyendetsa zisankho la MEC limakonzera kayendedwe ka katundu ndi anthu, ndi pamene ife a kuno tiyenera kuikapo maso.

Mfundo yanga ndi imodzi. Dongosolo la chisankho kuno liyenera kuyambira pa malo ovutitsitsa kufikako, n'kumawerenga masiku chobwerera m'mbuyo mpaka ku boma. Mukayamba ndi Nchalo, Ngabu ndi Bangula chifukwa ali m'mbali mwa tala, kwa Nyachikadza, m'madambo a ku Nsanje, mudzakukumbukira mafuta atatha.

Tsiku ndi nyengo yake

Kale tinkavota mu Meyi, monga pa 20 Meyi 2014 ndi pa 21 Meyi 2019. Tsopano chisankho chachikulu chimachitika mu Sepitembala, ndipo cha 2025 chinali pa 16. Kwa ife kusinthaku n'kwakukulu. Mu 2019, namondwe wa Idai anali atangodutsa mu Malichi, anthu ambiri akadali m'misasa, misewu ya dothi ili yokumbika. Mu Sepitembala dothi la makande limakhala litauma ndipo galimoto imadutsa. Koma mwezi womwewo ndi pamene dzuwa la kuchigwa limayamba kuwotcha, fumbi lili tolotolo, mitsinje ya mchenga itauma pamwamba koma ili yofewa pansi. Komanso kalembera amachitika miyezi yambiri chisankho chisanafike. Wa chisankho cha 2025 anayamba mu Okutobala 2024 n'kufika mu Disembala, nthawi imene mvula imakhala itayamba. Choncho pokonza kalendala musangoyang'ana tsiku lovota. Ntchito iliyonse muiike pa mwezi wake, n'kudzifunsa kuti Shire, Ruo ndi Mwanza amakhala bwanji mwezi umenewo.

Yendani malo onse, musadalire mapu

Ili ndi gawo limene ndimalilimbikira kwambiri, chifukwa zolakwika zambiri za tsiku lovota zimabadwa pano.

Malire a madera atakonzedwanso, madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, ndipo malo oponyera voti m'dziko lonse mu 2025 anapitirira 15,000. Ambiri mwa malowa ndi masukulu. Pa pepala, sukulu ndi dzina ndi nambala basi. Koma kuno sukulu imene inalipo pa chisankho chapitacho ikhoza kukhala kuti inakwiririka ndi mchenga, kapena inasamukira kumtunda pamodzi ndi mudzi wake. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasintha nkhope ya chigwachi. Ruo anasiya njira yake n'kudula Makhanga. Mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza unakokoloka. Madzi saiwala khwawa, ndipo mapu osindikizidwa ku likulu sadziwa zimenezo.

Chofunika n'chakuti gulu laling'ono la ku khonsolo, pamodzi ndi wapolisi, mlangizi wa sukulu wa m'zoni ndi dalaivala wodziwa dera, lifike pa malo aliwonse ndi miyendo yawo. Akafika alembe zinthu zooneka zazing'ono: galimoto ya matani atatu ifika pakhomo kapena ithera pati, kuchokera pamenepo ndi mphindi zingati wapansi, pali chipinda chokhala ndi chitseko ndi loko, pali mtengo wa mthunzi woti anthu aimirepo, mjigo uli pati ndipo ukutuluka madzi, chimbudzi chilipo, netiweki ya TNM kapena Airtel imagwira pati. Funso lomalizali musaliyankhe ndi "imagwira" chabe. Lembani kuti imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, kapena pa mlambe wa panjira, chifukwa amene adzafune kuimba foni usiku wa chisankho akhoza kukhala mlendo.

Pobwera kumeneko, gawani malo m'magulu molingana ndi njira. Pali a m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Thabwa kudutsa mlatho wa Kamuzu, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula, Tengani mpaka Nsanje ndi Marka. Awa savuta. Pali a tsidya la kum'mawa, ku East Bank, kumene mumakhotera pa Thabwa n'kutsata msewu wa m'munsi mwa mapiri a Thyolo kudutsa kwa Makhuwira mpaka Fatima ndi Muona kwa Mlolo. Taganizirani izi: kwa Mlolo ndi m'boma la Nsanje, koma katundu wochoka ku Nsanje boma pa galimoto ayenera kukwera mpaka ku Chikwawa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kutsikanso tsidya linalo. Njira yachidule ndi ya pamadzi, pa Mtayamoyo ku Bangula. Wokonza dongosolo ayenera kusankha pakati pa ziwirizi miyezi isanathe, osati m'mawa wonyamuka. Pali a m'mapiri, monga Chididi ndi Lulwe ku Nsanje, ndi a kumalire kwa Chapananga cha ku Gaga, kumene lole yaikulu imalephera chitunda. Ndipo pali a m'madambo, ku Ndindi ndi m'mbali mwa Elephant Marsh, kumene kulibe china koma bwato.

Safunsa anadya phula. Nyakwawa ya m'mudzi ndi mnyamata wa kabaza amadziwa doko limene lili bwino chaka chino kuposa aliyense wa muofesi. Afunseni mwaulemu, ndipo zimene anena muzilembe.

Kaundula ndiye mayi wa manambala onse

Mapepala ovotera angati, mabokosi angati, makalaliki angati, magalimoto angati, zonsezi zimachokera mu kaundula wa ovota. Mu 2025 anthu olembetsa m'dziko muno anali pafupifupi 7.2 miliyoni. Polembetsa pankafunika chiphaso cha unzika cha ku NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika, ndipo ntchitoyi inkachitika ndi makina a kampani ya Smartmatic. Makina amafuna moto. Kumadera opanda magetsi a ESCOM, gulu lililonse la kalembera liyenera kunyamula sola ndi mabatire osinthira, ndipo kuno muonjezepo mthunzi, chifukwa makina osiyidwa padzuwa la Novembala ku Ngabu amatentha n'kuzima.

Vuto lathu lenileni ndi la anthu osamuka. Banja limene linalembetsa kumudzi wakale kudambo, lero lili kumtunda kumene boma linawapatsa malo. Ena mwezi wa Sepitembala amakhala ku dimba, akugonera komweko, kukolola chimanga ndi mbatata. Ena ndi odula nzimbe a ku Nchalo amene kwawo ndi ku Thyolo kapena ku Mulanje. Munthu amavotera pamene dzina lake lili. N'chifukwa chake pamakhala nthawi yosamutsa dzina ndi nthawi yoona ngati dzina lili m'kaundula. Anthu ambiri amazinyalanyaza nthawi ziwirizi, kenako n'kudzalira pa mzere. Mafumu, apa ndi pamene mawu anu amagwira ntchito kuposa chimkuzamawu cha pagalimoto. Uthengawo upite m'Chisena ndi m'Chimang'anja, pa maliro, pa tchalitchi, pa mzikiti, pa msika wa ng'ombe, mothandizana ndi a bungwe lophunzitsa anthu za chisankho la NICE ndi mawailesi a m'madera.

Katundu wa mitundu iwiri

Katundu wa chisankho amagawidwa pawiri. Pali wamba: mabokosi opanda kanthu, timisasa tobisaliramo pochonga, nyale, matenti, zolembera, zingwe, zikwangwani, malaya ozindikiritsa ogwira ntchito. Uyu akhoza kufika ku khonsolo masabata angapo chisankho chisanachitike, ndipo ndi bwino atero, kuti malole asadzapanikizike mlungu womaliza.

Ndiye pali katundu wofunika chitetezo: mapepala ovotera, mapepala olembapo zotsatira, kaundula, inki yodinda pachala, zidindo, ndi zomangira za pulasitiki zokhala ndi manambala zimene timangoti masilo. Mapepala ovotera a zisankho zapitazi ankasindikizidwa ku Dubai, ku kampani ya Al Ghurair, n'kufikira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, oimira zipani akuonerera. Sangasindikizidwe mayina a opikisana asanatsimikizidwe, choncho nthawi yake imakhala yothina nthawi zonse. Pepala la pulezidenti ndi limodzi dziko lonse, koma la phungu ndi la dera lake, la khansala ndi la wodi yake. Bokosi la mapepala a khansala wa wodi ina likasochera n'kupita ku wodi yoyandikana nayo, anthu a malo awiri alephera kuvota. Kulakwitsa kumeneku n'kosavuta kuchita, ndipo kukachitika tsidya la mtsinje kukonza kwake kumadya tsiku lonse.

Kuchokera ku Lilongwe katunduyu amayenda ndi apolisi ndi asilikali a MDF. Pa malo aliwonse pamene akusintha manja pamakhala kusayinirana: wapereka ndani, walandira ndani, nthawi yanji, masilo ake manambala anji. Musasayine chinthu chimene simunawerenge, ngakhale amene akukupatsaniyo akhale bwana wanu ndipo akufulumira.

Ku khonsolo

M'boma, bwanamkubwa (DC) ndiye amagwirizanitsa ntchito ya chisankho, ndipo dera lililonse la phungu limakhala ndi wamkulu wake woona za chisankho. Nyumba yosungiramo katundu isankhidwe msanga: ya pamalo okwera, yosadontha, ya khomo limodzi lolowera, ya alonda usana ndi usiku. Makiyi asakhale ndi munthu mmodzi yekha. Mabotolo a inki asaunjikidwe pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kwa m'nyumba ya malata ku Nsanje masana kumaumitsa zinthu.

Kulongedza kuchitike motsata njira, osati motsata alifabeti. Katundu wa malo amene lole idzathere aikidwe mkati kwenikweni, wa malo oyamba akhale kukhomo. Mtolo uliwonse ulembedwe dzina la malo ndi nambala yake mbali zonse, ndi inki yosafufutika ndi madzi. Wopita pa bwato akulungidwe m'mapepala a pulasitiki kawiri. Oimira zipani aitanidwe kudzaona kulongedzaku. Amene waona ndi maso ake mtolo ukumangidwa savuta kukhulupirira mtolowo ukamasulidwa.

Zimene zinachitika mu 2014 zikhale phunziro. Katundu anachedwa kufika m'malo ena, anthu ku Ndirande anakwiya n'kuyamba zipolowe, ndipo malo ena anavota tsiku lotsatira. Umo munali mumzinda wa Blantyre, mmene muli tala paliponse.

Magalimoto, maboti ndi mafuta

MEC ilibe magalimoto okwanira dziko lonse. Imabwereka ku maunduna ndi nthambi za boma, ena imachita hayala. Choncho milungu ingapo chisankho chisanafike, lembani galimoto iliyonse imene mwalonjezedwa, ndipo muione. Kulonjezedwa galimoto ndi kukhala nayo n'zosiyana. Makaniko ayang'ane matayala, mabuleki, batire ndi giya yokokera mawilo onse anayi. Galimoto yochokera ku Blantyre imatsika chitunda cha Chikwawa chokhotakhota chija itasenza, ndipo mabuleki otha pamenepo ndi imfa. Galimoto iliyonse yopita kumidzi inyamule tayala lapadera, jeke, fosholo, chingwe chokokera ndi matabwa awiri. Mitsinje ngati Mwanza, Nkombedzi wa Fodya, Lalanje ndi Thangadzi mu Sepitembala imaoneka youma, koma lole yolemera imatitimira mu mchenga mpaka m'mimba. Dalaivala wa mtauni amaponda moto n'kuzikumbira dzenje. Wa kuno amayamba watsika, n'kuyenda pamchengapo, n'kuphwetsako matayala pang'ono.

Perekani galimoto molingana ndi njira. Lole zazikulu za pa M1, zokoka mawilo anayi za ku East Bank ndi kumapiri. Pamene galimoto ithera, konzeranitu ngolo, njinga zamoto, kapena anthu osenza, ndipo mtengo wake mugwirizane kusanache. Kukambirana mtengo katundu ali pansi, dzuwa likulowa, ndi kudzigulitsa.

Za maboti ndinene mosabisa, chifukwa ndi pamene mtima wanga umagunda. Boti ya injini ya boma kapena ya asilikali ndiyo yoyenera kunyamula mapepala ovotera. Koma m'madambo muli timifuleni tina tosaya, todzaza ndi namasupuni ndi bango, mmene injini imakola, ndipo mumalowa bwato lokha, limene anzathu a Chisena amati mwadiya. Chaka china mwini bwato amene tinapangana naye sanabwere pa doko. Anali atapeza ganyu ina yonyamula matumba a chimanga. Tinakhala pa gombe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, katundu ali pamutu pa apolisi awiri, mpaka mfumu ya pafupi inatipezera wina. Kuyambira pamenepo ndimati pa doko lililonse pakhale mabwato awiri opanganidwa, mayina a eni ake adziwike kwa mfumu, ndipo alandireko kachikole. Aliyense wokwera avale jekete yoyandamitsa. Musadzaze bwato kuti muchepetse maulendo. Kuli bwino kuwoloka katatu. Ndipo kuwoloka kuchitike dzuwa lili pamwamba. Shire ali ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo mvuu imayenda madzulo. Palibe pepala la zotsatira limene liyenera kulipiridwa ndi moyo wa mphunzitsi.

Helikopita ya asilikali ndi yosungira pa ngozi. Ngati pali malo amene mukuona kuti ingadzafunike, nenani msanga, ndipo bwalo la mpira loti idzaterepo lidziwike.

Mafuta ndi nkhani ina. Tonse tikukumbukira mizere ya pa mafilingi siteshoni mu 2024 ndi 2025. Kuchigwa malo omwetsera mafuta ndi owerengeka, ndipo akauma pa Nchalo kapena pa Bangula mulibe kothawira pafupi. Werengani malita a njira iliyonse, kupita ndi kubwera, kawiri: ulendo wokasiya ndi ulendo wokatenga. Onjezanipo a galimoto zoyendera mavuto tsiku lovota, a maboti, ndi a majenereta a pamalo ophatikizira zotsatira. Mafutawo asungidwe padera ndi mgwirizano wolembedwa, ndipo aziperekedwa ndi makuponi olembedwa nambala ya galimoto.

Anthu

Ogwira ntchito pa malo oponyera voti ambiri ndi aphunzitsi ndi antchito ena a boma. Amaphunzitsidwa motsetsereka: a ku likulu aphunzitsa a m'maboma, awa aphunzitsa oyang'anira malo, n'kufika kwa makalaliki. Choopsa cha njira imeneyi n'chakuti uthenga umasungunuka potsika. Mankhwala ake ndi kuchita zenizeni. Pa maphunziro pakhale bokosi, masilo, mapepala oyeserera, ndipo aliyense alembe yekha pepala la zotsatira mpaka masamu ake agwirizane. Maola ambiri apite pa kulemba zotsatira, osati pa malonje.

Lembani anthu apadera oposa chiwerengero, chifukwa wina adzadwala malungo, wina kudzagwa maliro. Pa malo aliwonse pakhale wolankhula chilankhulo cha pamalopo; gogo wa kwa Ndamera afotokozeredwe m'Chisena mmene apindire pepala. Kumalo akutali tumizani anthu a kufupi ndi komweko, amene ali ndi kogona. Ogwira ntchito, mamonita ndi achitetezo amene atumizidwa kutali ndi kumene analembetsa nawonso ndi ovota. Mu Ogasiti 2025 Nyumba ya Malamulo inachita kukumana mwapadera kukonza lamulo kuti athe kuvotera kumene akugwira ntchito. Mayina awo akonzedwe nthawi ikadalipo.

Ndalama zawo zidziwike poyera: zingati, zidzabwera liti, kudzera pa foni kapena ku banki. Manambala a foni atsimikizidwe pa tsiku la maphunziro. Ndipo madzi akumwa aikidwe pa bajeti ngati katundu wa chisankho. Munthu amene wakhala pa tebulo kuyambira mbandakucha m'kutentha kwa kuno, opanda madzi, pofika nthawi yowerenga mutu umakhala utaima, ndipo ndi pamene 7 amalembedwa ngati 1.

Masiku awiri omaliza

Kampeni imatha maola 48 kuvota kusanayambe. Nthawi imeneyo magalimoto akhale ali m'njira, ndipo oyamba kunyamuka akhale a kwa Nyachikadza, Makhanga, Gaga ndi kumapiri. A pa M1 anyamuke pomaliza, chifukwa kwa iwo chosowa chikhoza kuthamangitsidwa pa ola limodzi.

Katundu akafika, woyang'anira malo amatsegula pamaso pa mamonita ndi achitetezo tsiku lovota lisanafike, n'kuwerenga chimodzichimodzi. Onani kuti mapepala a phungu ndi a dera lanu, a khansala ndi a wodi yanu, kaundula ndi wa malo anu. Gwedezani botolo la inki. Yatsani nyale iliyonse, ndipo za sola muziike padzuwa tsiku lonse. Chikasowa chinthu, imbani nthawi yomweyo pa nambala imene munapatsidwa. Ku khonsolo kukhale munthu amene ntchito yake ndi kuyankha foni basi, ndi galimoto yodzaza mafuta ili panja. Mukatha, mangani ndi masilo atsopano, manambala ake aliyense alembe m'kope mwake, ndipo apolisi agone pomwepo.

Madzulo omwewo konzani bwalo. Mzere uime kumene kudzakhale mthunzi masana, osati kumene uli m'mawa. Kamsasa kochongera kafulatire zenera. Njira ya wa njinga ya olumala ikhale yosalala. Zikwangwani ndi nsalu za zipani zichoke pa mtunda wa mamita 100 kuzungulira malowo.

Tsiku lovota

Malo amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo. Kale tinkatseka 6 koloko. Amene ali pa mzere nthawi yotseka amavota. Bokosi lililonse lionetsedwe kuti ndi lopanda kanthu lisanamangidwe. Okalamba, amayi oyembekezera, a ana kumsana ndi olumala atsogole. Kuno anthu amalawirira kuthawa dzuwa, choncho chigulu chimakhala cha m'mawa. Makalaliki onse akhale pa malo 5 koloko isanakwane. Ngati gawo lililonse lam'mbuyomu linachitika bwino, tsikuli limakhala lotopetsa koma lopanda nkhani.

Kutseka 4 koloko kumakupatsani maola ngati awiri a kuwala. Mabokosi ndi atatu, ndipo simudzamaliza mdima usanagwe. Nyale ziwiri pa tebulo, ina yapadera, ndi tochi. Kuwerenga kumachitikira pomwepo pamene anthu avotera, pamaso pa mamonita ndi oonerera.

Ulendo wobwerera

Anthu ambiri okonza dongosolo amathera nzeru zawo zonse pa kupititsa katundu, n'kuiwala kuti ayenera kubwerera. Koma chisankho chimafera pa ulendo wobwerera. Cha pulezidenti cha 2019 chinathetsedwa ndi khothi pa 3 Febuluwale 2020, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasayinidwa, ena osakhala enieni. Dziko linavotanso pa 23 Juni 2020, ndalama zina n'kulowa. Zonsezo zinayambira pa matebulo ngati athuwa, usiku, anthu atatopa.

Choncho masamu ayambe pa pepala wamba. Mapepala amene munalandira afanane ndi ogwiritsidwa ntchito, oonongeka ndi otsala mukawaphatikiza. Mavoti a opikisana onse pamodzi ndi mavoti osayenera afanane ndi mapepala otuluka m'bokosi. Zikagwirizana, ndiye lembani pa pepala lenileni, manambala ndi mawu omwe. Zikakana, werenganinso, musakakamize nambala. Chofufutira chisapezeke n'komwe pa malopo. Mamonita asayine, aliyense alandire pepala lake, lina limatidwe pakhoma kuti mudzi uone. Monita akakana kusayina, chifukwa chake chilembedwe.

Tsopano funso limene liyenera kuyankhidwa mwezi wathunthu chisankho chisanafike: woyang'anira malo achoka bwanji pamenepo, nthawi yanji, ndi ndani? Kwa a pa tala, galimoto imazungulira usiku womwewo n'kuwatengera ku malo ophatikizira zotsatira a dera lawo. Kwa a tsidya la madzi, ine ndimati agone. Zotsatira zimangidwe m'envelopu yake yosatseguka mwachinyengo, mabokosi amangidwe, apolisi ndi mamonita agone chipinda chimodzi ndi katunduyo, bwato linyamuke kukangoyera. Izi zilengezedwe kwa zipani zonse pasadakhale, pa msonkhano wa komiti yokambirana ya zipani ya m'boma, kuti kuchedwako kusadzasanduke mphekesera yoti mavoti abedwa. Lamulo limapatsa MEC masiku 8 kuti ilengeze zotsatira za pulezidenti, 14 za aphungu ndi 21 za makhansala. Mu 2025 inadikira mapepala enieni kuchokera m'makhonsolo kufika ku holo ya misonkhano ya BICC ku Lilongwe, n'kulengeza pa 24 Sepitembala kuti a Peter Mutharika apambana. Usiku umodzi wa pa Makhanga ukukwana bwino m'masiku amenewo.

Mamonita aloledwe kutsatira katundu. Ngati m'galimoto mulibe malo, atsate pambuyo pa njinga yamoto, kapena zipani zigwirizane oti akwere. Pa malo ophatikizira pakhale jenereta, mafuta ake, mipando, madzi, ndi dongosolo la mzere, chifukwa oyang'anira malo makumimakumi amafika nthawi imodzi ali ndi tulo. Aliyense asachoke asanalandire umboni wolembedwa woti wapereka zonse.

Ndimalimbikira zimenezi chifukwa cha zimene tinaona kumapeto kwa 2024, pamene abale athu a ku Mozambique anawoloka Shire ndi Ruo ndi ana kumsana, kuthawa zipolowe zimene zinabuka chisankho cha kwawo chitakanidwa, n'kudzakhala m'misasa ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Tinawalandira m'masukulu omwewa amene timavoteramo.

Musamasule gulu msanga. Lamulo la tsopano limafuna kuti pulezidenti apeze mavoti oposa theka, ndipo akalephera onse pamakhala chisankho chachibwereza. Kuchoka pakati pa Sepitembala, chibwerezacho chikhoza kugwera mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana ku mapiri a Thyolo, Ruo atayamba kufiira. Choncho mabokosi, nyale ndi timisasa zibwerere ku nyumba yosungira zitawerengedwa, zothyoka zilembedwe, mapangano a magalimoto ndi maboti akhale otheka kuwautsanso. Eni mabwato, a ngolo ndi osenza alipidwe mlungu womwewo, chifukwa ndi omwewo mudzawafune.

Chomaliza ndi lipoti, ndipo lilembedwe mlungu usanathe, zinthu zikadali m'mutu. Lisakhale la mawu okometsera. Lilembe kuti lole inatitimira pa mtsinje uti, doko liti linali losaya, foni inagwira pa mtengo uti, nyale zingati zinazima isanakwane 10 koloko, kuchoka pa Fatima kufika pa Thabwa kunatenga maola angati. Kope limodzi lipite ku MEC, lina likhale ku khonsolo, lina kwa mlangizi wa sukulu wa zoni iliyonse, kuti amene adzagwire ntchitoyi mu 2030 adzayambe kuyendera malo ali nalo m'manja.